Chithunzi cha ubongo chilibe vuto, koma adokotala akuti ndi Parkinson

Mwana wa wodwala

Ndikupempha amene amadziwa za ubongo ndi za makina ounikira odwala kuti andithandize kumvetsa nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu ingapo. Bambo anga ali ndi zaka 67, ndipo chaka chatha tinayamba kuona kuti dzanja lawo lamanja likunjenjemera akakhala phee pampando, chala chachikulu chikukhulana ndi chamkombaphala ngati munthu amene akufikisa kanthu kakang'ono. Chodabwitsa n'chakuti akatambasula dzanjalo kuti atenge kapu, kunjenjemerako kumaleka, kenako kumayambiranso akalibwezera pamwendo. Patapita miyezi tinaonanso kuti akamayenda dzanja lomwelo silikupita uku ndi uku ngati linzake, kumanga mabatani a malaya kukuwatengera nthawi yaitali, ndipo akamalemba zilembo zimayamba bwino koma pofika kumapeto kwa mzere zimakhala zazing'ono zosawerengeka.

Ine ndi achimwene anga tinawaperekeza kwa dokotala wa za ubongo ndi minyewa. Anawauza kuti agundanitse zala mobwerezabwereza, atsegule ndi kufumbata manja, ayende m'khonde ndi kutembenuka, ndipo anawapinda mikono kuti amve ngati ili youma. Kenako anawatumiza kukaunikidwa mutu ndi makina a MRI. Zotsatira zitabwera, zinalembedwa kuti palibe chachilendo kupatula kusintha kumene kumayembekezeka pa msinkhu wawo. Ife tinasangalala, koma dokotalayo anati akadali ndi chikhulupiriro chakuti awa ndi matenda a Parkinson, ndipo anawayambitsa mankhwala a levodopa.

Achimwene anga akukayikira kwambiri. Iwo akuti ngati ubongo ukudwala, chithunzi chikanaonetsa, ndipo si bwino kumwetsa munthu wamkulu mankhwala a moyo wonse chifukwa cha kuyang'ana ndi maso chabe. Ineyo ndikuona kuti dokotala uja anawayeza mosamala, komabe ndilibe choyankha achimwene angawo. Kodi kuunika ubongo kumaonetsa chiyani kwenikweni pa matendawa? Ndinawerenganso kuti akatswiri ena amamvetsera mafunde a magetsi a m'ubongo wa odwala Parkinson. Kodi njira imeneyo ingatsimikizire kuti munthu ali ndi matendawa?

Wojambula odwala

Mayi, pepani ndi matenda. Ndagwira ntchito younika odwala kwa zaka zambiri, ndipo funso la achimwene anulo ndalimva kangapo m'chipinda chodikirira, choncho ndiyambire pomwepo: chithunzi cha MRI chosaonetsa vuto ndicho chimene timayembekezera kwa munthu amene ali ndi matenda a Parkinson enieni, makamaka m'zaka zoyambirira.

Chifukwa chake chagona pa kukula kwa malo amene akuwonongeka. M'kati mwenimweni mwa ubongo, pamwamba pa tsinde limene limalumikiza ubongo ndi msana, muli timizere tiwiri takuda, kena kumanja kena kumanzere, totchedwa substantia nigra, mawu a Chilatini otanthauza chinthu chakuda. Maselo a pamenepa ndiwo amapanga dopamine, amene amanyamula mauthenga pakati pa maselo a ubongo, ndi kumutumiza kumtunda, ku chigawo chotchedwa striatum, chimene chimathandiza thupi kuyamba kuyenda ndi kuyenda mosadodoma. Maselo amenewa safika ngakhale miliyoni imodzi, pamene ubongo wonse uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Akamafa pang'onopang'ono, maonekedwe a ubongo sasintha moti diso lingaone pa chithunzi wamba. Zili ngati kujambula nyumba yaikulu kuchokera pabwalo pamene vuto lili pa waya umodzi wa magetsi m'kati mwa khoma: makoma ali chiimire, denga lili bwino, koma nyale sizikuyaka. Konstantin Tretiakoff, amene mu 1919 anasonyeza ku Paris kuti malo akudawa amayezuka mwa odwala Parkinson, anazipeza poyang'ana ubongo wa anthu omwalira, osati pa chithunzi.

Ndiye n'chifukwa chiyani dokotala anawatumiza ku MRI? Ankafuna kuchotsa matenda ena amene amavala nkhope ya Parkinson. Timitsempha ta magazi tikatsekeka malo ambiri m'ubongo, munthu amatha kuyenda mokhwekhwereza mapazi. Madzi akachuluka m'zipinda za m'ubongo, mayendedwe amasokonekeranso. Chotupa nachonso chimatha kutero, ngakhale si kawirikawiri. Palinso matenda awiri apachibale ndi Parkinson koma ofulumira kukula, amene nthawi zina amasiya chizindikiro pa MRI. Pa matenda otchedwa PSP, mbali ya kumtunda ya tsinde la ubongo imafota moti poyang'ana cham'mbali imaoneka ngati kambalame ka mlomo wautali, ndipo pa matenda a MSA pamatha kuoneka kamtanda pakati pa tsindelo. Kusapezeka kwa zonsezi mwa bambo anu ndi nkhani yabwino, ndipo kukugwirizana ndi zimene dokotala wanena.

Kuunika kumene kumafika pafupi ndi vuto lenileni ndi kwa mtundu wina, kotchedwa DaTscan, kumene kunaloledwa ku Ulaya mu 2000 ndi ku United States mu 2011. Ndifotokoze mmene kumachitikira. Wodwala amayamba wamwa mankhwala a ayodini oteteza chithokomiro, kenako amabayidwa jakisoni wa mankhwala otchedwa ioflupane, amene ali ndi cheza chochepa ndipo amakamatira ku nsonga za maselo a dopamine mu striatum. Amadikira maola atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndiye amagona chagada, mutu utakhazikidwa bwino, kamera ikuzungulira pang'onopang'ono kwa mphindi 30 kapena kuposerapo. Pa kompyuta pamaoneka zinthu ziwiri zowala, china kumanja china kumanzere. Mwa munthu amene maselo ake a dopamine ali bwino, chilichonse chimakhala ndi mutu ndi mchira ngati nyemba yopindika. Mwa wodwala Parkinson mchira umazimirira n'kutsala kadontho, ndipo kuzimiririkako kumayamba mbali yoyang'anana ndi dzanja lodwala. Bambo anu, poti vuto lili kumanja, tikanayembekezera kuti mchira wa kumanzere ndiwo wafupika kwambiri. Nthawi yoyamba imene ndinaona chithunzi chotere ndinakhudzidwa mtima, chifukwa ndinali nditangomuthandiza kumene mwiniwake kukwera pabedi, ndipo mkono wouma umene ndinagwira ndi umene ndinkauona tsopano ngati mdima mbali inayo ya chithunzi.

Komabe DaTscan imayankha funso limodzi lokha: kodi nsonga za maselo a dopamine zachepa kapena ayi? Imathandiza kusiyanitsa Parkinson ndi kunjenjemera kwa mtundu wina kotchedwa essential tremor, kumene kumabwera munthu akamagwiritsa ntchito dzanja ndipo kumakonda kuyenda m'magazi. Imathandizanso pamene zizindikiro zayamba chifukwa cha mankhwala monga haloperidol, chlorpromazine kapena metoclopramide, popeza pamenepo maselo amakhala alipo koma atatsekeredwa njira. Koma singasiyanitse Parkinson ndi PSP kapena MSA, chifukwa pa onsewa michira ija imazimirira.

Akatswiri a MRI nawonso sanagone. Mu 2014 gulu la ku Nottingham linasonyeza kuti pa makina a MRI amphamvu kwambiri, pogwiritsa ntchito kaunikidwe kamene kamamva ayironi, mbali ina ya substantia nigra ya munthu wabwinobwino imaoneka yogawanika ngati mchira wa nanzeze, ndipo mwa odwala Parkinson kugawanikako kumasowa. Palinso kaunikidwe kamene kamaonetsa utoto wakuda wa m'maselowo. Njira zimenezi ndi zopatsa chiyembekezo, koma wodwala akangogwedeza mutu pang'ono chithunzi chimasokonekera, ndipo kwenikweni zikugwiritsidwabe ntchito pa kafukufuku.

Wophunzira za mafunde a ubongo

Ndikuthokoza a Wojambula odwala chifukwa afotokoza bwino za zithunzi. Ine ndiyankhe funso lachiwiri la mayiwa, poti ndi nkhani imene ndikuchitapo maphunziro ndipo ndimaikonda kwambiri.

Chithunzi chimaonetsa zimene zatayika, pamene mafunde a magetsi amaonetsa mmene maselo otsalawo akugwirira ntchito dopamine atachepa. Maselo a m'ubongo amalankhulana ndi timagetsi tating'ono kwambiri, ndipo ambiri akamachita zimenezi pa nthawi imodzi, pamatuluka funde limene makina angathe kulijambula. Timawerenga kuti fundelo likukwera ndi kutsika kangati pa sekondi imodzi. Kunjenjemera kwa dzanja la bambo anu, ngati kulidi kwa Parkinson, kumachitika ka 4 mpaka ka 6 pa sekondi. Koma funde limene akatswiri alitsatira kwambiri si limenelo ayi. Ndi funde lotchedwa beta, limene limagunda ka 13 mpaka ka 30 pa sekondi.

Mmene anthu anafikira pomva funde limeneli ndi nkhani yochititsa chidwi. Mu 1982 ku California, anthu angapo anauma thupi mwadzidzidzi atadzibaya mankhwala osokoneza bongo amene anali ndi poizoni wotchedwa MPTP, ndipo dokotala William Langston ndi anzake anapeza kuti poizoniyu amapha maselo a substantia nigra. Tsoka limeneli linapatsa akatswiri njira yoyambitsira zizindikiro za Parkinson mwa anyani, ndipo mu 1990 Hagai Bergman, Thomas Wichmann ndi Mahlon DeLong anasonyeza kuti kuwononga kachigawo kakang'ono ka m'kati mwa ubongo kotchedwa subthalamic nucleus kumamasula nyani wouma thupi. Pa nthawiyi n'kuti Alim-Louis Benabid wa ku Grenoble atayamba kale, kuchokera mu 1987, kuletsa kunjenjemera poika waya wopyapyala m'kati mwa ubongo ndi kutumizamo timagetsi tofulumira. M'zaka zoyambirira za m'ma 1990 gulu lake linayamba kuika wayayo mu subthalamic nucleus. Chithandizo chimenechi chimatchedwa DBS: mawaya awiri amalowa m'ubongo, n'kulumikizidwa ku batire imene imaikidwa pansi pa khungu la pachifuwa, ndipo nthawi zambiri imagunda pafupifupi ka 130 pa sekondi.

Waya amene angathe kutumiza magetsi angathenso kumvetsera. Kwa zaka zambiri, pa masiku ochepa a pakati pa opaleshoni yoika mawaya ndi yoika batire, odwala ena ankalola kuti akatswiri alumikize mawayawo ku makina ojambulira. Gulu la Peter Brown, poyamba ku London kenako ku Oxford, linachita zambiri pa ntchitoyi. Anapeza kuti wodwala akakhala kuti sanamwe mankhwala usiku wonse, funde la beta mu subthalamic nucleus limakhala lamphamvu mopitirira muyeso. Akamwa levodopa, amene ubongo umamusandutsa dopamine, fundelo limatsika, ndipo mmene latsikira ndi mmenenso kuuma kwa thupi ndi kuchedwa kwa mayendedwe kumachepera. Ndinaonapo zojambulidwa zotere pa kompyuta: pamzere pamakhala kaphiri kosongoka cha pa 20, ndipo pa zojambulidwa za munthu yemweyo patatha ola limodzi atamwa mankhwala, kaphiriko kamakhala kataphwa.

N'chifukwa chiyani kugunda pamodzi kuli koipa? Taganizirani anthu ambiri m'chipinda chachikulu, aliyense akukambirana ndi mnzake nkhani yakeyake. Mauthenga ambirimbiri akuyenda nthawi imodzi. Onsewo akayamba kuwomba m'manja mogwirizana, phokoso limakula koma uthenga umatha, ndipo amene akufuna kunena kanthu sangamveke. Funde la beta limapezekanso mwa anthu abwinobwino, makamaka thupi likakhala chete, ndipo limatsika munthu akafuna kusuntha. Mwa odwala Parkinson limakakamira. Kafukufuku wa mu 2017 anasonyezanso kuti beta sakhala wamphamvu mosalekeza, koma amabwera m'magulumagulu, ndipo magulu otalika, opitirira theka la sekondi, ndiwo amagwirizana ndi zizindikiro zoipa, pamene afupiafupi alibe vuto. Chinthu china chofunika kuchidziwa n'chakuti mphamvu ya beta sigwirizana kwenikweni ndi kunjenjemera, kusonyeza kuti kunjenjemera kuli ndi njira yakeyake m'ubongo, imene imakhudzanso zigawo zina zotchedwa cerebellum ndi thalamus.

Phindu la zonsezi layamba kuoneka. DBS yakale imagunda usana ndi usiku mosasamala kanthu kuti wodwala ali bwanji pa nthawiyo, ndipo zimenezi zimatha kusokoneza kalankhulidwe kapena kuyambitsa kugwedezeka kwa thupi kosafunika. Mu 2013 Simon Little ndi anzake anayesa pa odwala asanu ndi atatu makina amene amamvetsera beta ndi kugunda pokhapokha fundelo likakwera. Nthawi yogunda inachepa ndi theka ndi kupitirira pang'ono, ndipo odwalawo anayenda bwino kuposa pamene makina ankagunda mosalekeza. Mu 2020 kampani ya Medtronic inatulutsa batire imene imatha kujambula mafundewa wodwala ali kunyumba, ndipo mu February 2025 bungwe loona za mankhwala la FDA ku United States linaloleza DBS yodzisintha yokha motsatira mafunde a wodwala. Ku San Francisco, gulu la Philip Starr linapezanso funde lina lofulumira, la pakati pa 60 ndi 90 pa sekondi, limene limabwera pamene mankhwala achuluka ndipo thupi layamba kudzipotokola lokha.

Tsopano funso lanu lenileni: kodi njirayi ingatsimikizire matenda? Ayi, chifukwa palibe amene angaboole mutu wa munthu pofuna kungodziwa dzina la matenda ake. Chimene chingatheke popanda opaleshoni ndi EEG, njira yojambula mafunde a ubongo pomata timawaya pakhungu la mutu. Koma subthalamic nucleus ili kutali m'kati, fupa la mutu limafooketsa mafunde, ndipo minofu ya pakhosi, kuphethira kwa maso ngakhale kunjenjemera komweko zimalowerera m'zojambulidwa. Pali malipoti ambiri onena kuti makompyuta ophunzitsidwa angathe kuzindikira Parkinson pa EEG molondola kwambiri, ndipo ineyo ndikukhulupirira kuti m'tsogolo zimenezi zidzathandiza. Koma ndiyenera kunena chilungamo: ambiri mwa malipotiwa anachokera pa anthu makumi ochepa okha, ndipo pena zidutswa za zojambulidwa za munthu mmodzi zimaikidwa pophunzitsira kompyuta ndiponso poiyesera, moti kompyutayo imakhala yaphunzira kuzindikira munthuyo osati matenda ake.

Dokotala wopuma pantchito

Mwana wanga, anzathu awiriwa anena zoona, ndipo sindibwereza. Ndikufuna kulankhula ndi achimwene ako kudzera mwa iwe, chifukwa kukayikira kwawo kuli ndi maziko, ngakhale kuti akufuna umboni pamalo pamene sungapezeke.

Ndi zoona kuti madokotala amalakwitsa. Mu 1992 Andrew Hughes ndi anzake ku London anayeza ubongo wa anthu 100 omwalira amene pamoyo wawo anauzidwa kuti ali ndi Parkinson, ndipo matendawo anatsimikizika mwa 76 okha. Pafupifupi onse otsalawo anali ndi matenda ena. Zimenezi zinatidzidzimutsa tonse amene tinkaona odwala otere, ndipo zinatiphunzitsa kusamala. Koma chimene chinachepetsa kulakwitsa si makina okha ayi. Ndi malamulo okhwima a kayezedwe ndi kuonana ndi wodwala mobwerezabwereza kwa zaka. Malamulo amene bungwe la akatswiri a matenda a mayendedwe la Movement Disorder Society linatulutsa mu 2015 amanena kuti choyamba payenera kukhala kuchedwa kwa mayendedwe, pamodzi ndi kuuma kwa thupi kapena kunjenjemera kwa pamene munthu wapuma. Pamene dokotala uja ankauza bambo ako kugundanitsa zala, sankangoona ngati akuchedwa. Ankaona ngati kutsegula kwa zala kukucheperachepera akamapitiriza, monga mmene zilembo zawo zimachepera kumapeto kwa mzere. Kuchepa kotereku ndi chizindikiro champhamvu, ndipo munthu wa nyamakazi kapena wongotopa sachita choncho. Kuyamba mbali imodzi ya thupi ndiponso kuchira bwino ndi levodopa zimawonjezera umboni. Kugwa pafupipafupi m'zaka zoyamba, kulephera kuyang'ana pansi, kukomoka poimirira, kapena kusamva mankhwala ngakhale atachuluka, zimatiuza kuti tiganizire matenda ena. M'malamulo omwewo, DaTscan yosaonetsa vuto imachotseratu Parkinson, koma yoonetsa vuto payokha siitsimikizira.

Ndikufunanso kuwonjezera chenjezo pa zimene a Wojambula odwala anena, osati powatsutsa koma pokumbutsa kuti chithunzi ndi wodwala nthawi zina zimasiyana mawu. Mu 2004 munatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa ELLDOPA, wa odwala 361 amene anali atangoyamba kumene matendawa. Amene anapatsidwa levodopa anali bwino kuposa anzawo, ngakhale patatha milungu iwiri atasiya mankhwalawo, koma zithunzi zawo zinaonetsa ngati nsonga za dopamine zachepa mofulumira kwambiri. Akatswiri anakangana kwa zaka kuti akhulupirire chiti, ndipo ambiri anaganiza kuti mankhwalawo amasintha mmene mankhwala a cheza obaya pounika amamatirira, osati kuti amapha maselo. Kafukufuku wina wa ku Netherlands wa mu 2019 sanapeze umboni wakuti kuyamba levodopa msanga kumafulumizitsa kapena kuchedwetsa matenda. Choncho achimwene ako asaope kuti mankhwalawa awononga ubongo wa bambo. Levodopa wakhala akugwiritsidwa ntchito kuchokera pamene George Cotzias anasonyeza mu 1967 mmene angaperekedwere pakamwa, potsatira ntchito ya Arvid Carlsson ku Sweden ndi ya Oleh Hornykiewicz ku Vienna, ndipo mpaka lero palibe mankhwala ena amene amamuposa pochepetsa zizindikiro.

Pamene ndikuona kuti kuunika ndi kuyeza kudzatithandiza kwambiri ndi pa zaka zimene matenda amakhala akuyenda mobisa. Pofika tsiku limene dzanja likuyamba kunjenjemera, pafupifupi theka la maselo a dopamine a mu substantia nigra amakhala atafa kale. Zaka zambiri zisanafike pamenepo, ena amasiya kumva fungo, ena amadzimbidwa kosalekeza, ndipo ena amayamba kuchita zimene akulota, kumenya nkhonya ndi kukuwa ali m'tulo. Vuto la tuloli limatsimikizidwa pojambula mafunde a ubongo ndi a minofu usiku wonse, choncho apa ndi pamene ntchito ya mwana wathu wophunzirayu yafika kale kwa odwala. Kafukufuku wamkulu wa m'maiko angapo wa mu 2019 anapeza kuti mwa anthu a vuto limeneli, oposa 70 pa 100 alionse anadzadwala Parkinson kapena matenda apachibale pake pomatha zaka 12. Palinso puloteni yotchedwa alpha-synuclein, imene mu 1997 inapezeka kuti ndiyo imaundana m'maselo odwala n'kupanga timibulu timene Friedrich Lewy anatiwona koyamba mu 1912. Mu 2023 kafukufuku wa PPMI, amene bungwe la Michael J. Fox linayambitsa mu 2010, anasonyeza pa anthu oposa 1,100 kuti kuyeza madzi a m'msana kumapeza puloteni yopotokayi mwa odwala pafupifupi 88 pa 100 alionse, ndiponso mwa ena amene anali asanayambe kuonetsa vuto la mayendedwe. Mankhwala oletsa matendawa kukula sanapezeke, koma akadzapezeka, adzafunika kuperekedwa pa nthawi yobisikayi, ndipo bungwe la WHO likuti mu 2019 odwala Parkinson anali oposa 8.5 miliyoni padziko lonse, kuwirikiza kawiri chiwerengero cha zaka 25 m'mbuyomo.

Mwana wa wodwala

Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenga mayankhowa kawiri, ndipo ndawatumizira achimwene anga. Adokotala, zimene mwanena za tulo zandigwira mtima. Nditafunsa mayi anga, andiuza kuti papita zaka zisanu kapena kuposerapo bambo akukuwa ndi kuponya miyendo usiku ngati akuthamangitsidwa, moti tsiku lina anagwa pabedi n'kudzipweteka pachipumi, koma mayi ankangoti ndi maloto oipa ndipo sanauzepo munthu. Akutinso anasiya kale kumva fungo ngakhale chinthu chikupserera pafupi nawo. Zonsezi sitinamuuze dokotala uja chifukwa sitinkadziwa kuti zikugwirizana.

Tsopano patha milungu isanu ndi umodzi chiyambireni mankhwala. Dzulo ndinawaona akumanga mabatani onse a malaya okha, ndipo nkhope yawo, imene inayamba kuoneka ngati yosasangalala nthawi zonse, yayambanso kumwetulira. Kunjenjemera kokha sikunachepe kwenikweni. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti mankhwala sakukwanira? Nanga tipemphe kuti aunikidwe ndi DaTscan kuti achimwene akhutire? Ndiponso DBS imene yafotokozedwayi, kodi ndi yoti tiziiganizira panopa?

Dokotala wopuma pantchito

Mwana wanga, ndasangalala kumva za mabataniwo, chifukwa kumasuka kwa zala ndi kwa nkhope ndi kumene timayang'ana poyamba tikafuna kudziwa ngati levodopa akugwira ntchito. Kunjenjemera nthawi zambiri kumamva mankhwala mochedwa kapena mosakwanira, ndipo zikugwirizana ndi zimene wophunzira uja wanena, kuti kuli ndi njira yakeyake m'ubongo. Usawonjezere mlingo wekha, ndipo bambo asasiye mankhwalawa mwadzidzidzi, chifukwa kutero kungawadwalitse koopsa.

Za DaTscan, maganizo anga ndi akuti pakali pano siingasinthe chilichonse pa chithandizo chawo. Matenda anayamba mbali imodzi, kunjenjemera ndi kwa pamene apuma, fungo linatha, tulo tasokonekera mwa njira ija, ndipo mankhwala akuthandiza. Kuunikaku kumakhala ndi phindu pamene dokotala akukayika pakati pa Parkinson ndi essential tremor, kapena pamene wodwala akumwa mankhwala ena amene angayambitse zizindikirozi. Choncho chimene ndingakupemphe n'chakuti pa ulendo wotsatira utenge mankhwala onse amene bambo amamwa, ngakhale a nseru ndi a chizungulire, ukamuonetse dokotala, ndipo achimwene ako apite nawo kuti akafunse okha mafunso awo.

DBS si ya panopa. Imaganiziridwa kwa odwala amene levodopa amawathandizabe koma, patapita zaka, mphamvu yake yayamba kutha msanga mlingo wina usanakwane, kapena thupi layamba kudzipotokola mankhwala akafika pachimake, kapenanso kunjenjemera kwakana mankhwala onse ndipo kukulepheretsa munthu kudya ndi kuvala. Pamafunikanso kuti nzeru za wodwala zikhale zili bwino. Siichiritsa matenda, ndipo ambiri amakhala zaka zochuluka osaifuna.

Nkhani ya tulo ukaifotokoze yonse kwa dokotala, ndipo mayi ako ndiwo akalankhule, popeza ndiwo amaona zimene zimachitika usiku. Pali mankhwala amene amachepetsa vutoli, koma kuyambira lero chotsani tebulo ndi zinthu zakuthwa pafupi ndi bedi, tsitsani bedilo ngati n'kotheka, ndipo yalani chofewa pansi mbali imene bambo amagona. Alimbikitseni kuyenda ndi kuchita masewera olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, akuponya mapazi patali ndi kugwedeza manja onse mwadala. Pomaliza, gula kope laling'ono, uzilembamo nthawi imene amwa mankhwala, nthawi imene adya, ndi nthawi imene thupi lamasuka kapena laumanso, popeza chakudya cha mapuloteni ambiri chimatha kuchedwetsa levodopa kulowa m'magazi ndi m'ubongo mwa odwala ena. Kamodzi pa mwezi uziwapempha kuti alembe chiganizo chomwechomwecho patsamba latsopano, n'kuikapo deti, ndipo masambawo uzipita nawo kwa dokotala.